Munatenga mikodzo ya ana athu, nanga mayankho ali kuti?

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga nanenso ndiyankhulepo pa nkhani ya kafukufuku wa zaumoyo. Ine si dokotala ayi, ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Nkhotakota mbali ya kunyanja, koma poti ana amene ofufuzawo amawafuna timakhala nawo ndi ifeyo kuchokera mmawa mpaka nthawi yoweruka nde ndaona kuti pakamwa tili napo nafenso.

Ndiyambe nkunena kuti ine sindili mgulu la aja amati kafukufuku ndi zasataniki kapena kuti azungu akungofuna magazi athu. Mayi aliyense amene wabereka mwana kumbuyo kupita naye ku sikelo lero akudyerera kulimba mtima kwa amayi anzake amene anavomera kuti ana awo ayesedwe. Katemera wa malungo uja anamuyesa kaye pa ana a ku Lilongwe ndi a mmaiko ena a mu Africa muno, nde mu April 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kuyamba kubaya ana ku sikelo, mpaka a WHO anavomereza mu 2021 kuti apite ponseponse. Wa typhoid anamuyesa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira 2018, anapeza kuti pa ana 10 amene akanadwala pafupifupi 8 amatetezeka, nde mu 2023 tinaona ana akubayidwa dziko lonse ndi kwathu kuno komwe. Chiponde chomwe chikudzutsa ana onyentchera chija nachonso chinayesedwa konkuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nkupezeka kuti mwana akhoza kuchira ali pakhomo osachita kugonekedwa. Zimenezi nzowombera mmanja ndithu.

Koma tawerenganinso mayina a malo ndatchulawo. Lilongwe, Ndirande, Zingwangwa, mukapitiriza mupeza Queens, Chikwawa, Mangochi, Chilumba ku Karonga. Ife a kunyanja m'chigawo chapakatife, kuyambira Salima, Nkhotakota mpaka Dwangwa, galimoto zawo zimangotidutsa pa M5, zikati ziime nde kuti pali chomwe akufuna atenge basi.

Mmene zimakhalira ndi chonchi. Kalata imafika kwa a hedi kuti kubwera alendo a zaumoyo tiwauze makolo. Tsikulo galimoto yoyera ifika cha m'ma 10 koloko, ati kuyambira nthawi imeneyo mpaka 2 koloko masana ndi pamene mazira a likodzo amatuluka ambiri mumkodzo, nde ana onse pamzere aliyense ndi kabotolo kake kolembedwa nambala, anyamata kuseri kwa chimbudzi uku atsikana uko, ena akusekana, wina akubisa kabotolo mu yunifolomu chifukwa wake watuluka wofiira ndipo sakufuna anzake aone. Ife aphunzitsi ndi amene timaitana mayina, ndife timanyengerera kamwana ka sitandade 1 kamene kakulira kuti iwe sakubaya jakisoni tangokodza basi, ndifenso timasaina kuti ana analipo angati. Akamaliza amalongedza timabotolo tija muchibokosi chozizira, ana awagawira mabisiketi, ife atithokoza mwaulemu wake, galimoto liyiii. Kuchokera pamenepo zii. Teremu kutha, ina kutha. Ukumane ndi mayi wa mwana kuchigayo, "aphunzitsi, nanga uja anamupeza ndi chani?" iwe kukamwa yasa, chowayankha ulibe. Sinditchula gulu lililonse chifukwa si limodzi, komanso sikuti onse ndi otero, alipo ena amapereka mankhwala pompopompo kwa mwana amene wapezeka ndi vuto, koma zoti abwerenso kudzatikhazika pansi kuti pasukulu panu pano tapeza zakutizakuti nde nzosowa zedi.

Nde ulendo wina akabwera ena, olo akhale a boma enieni atanyamula mankhwala aulere, mkalasi mumakhala mbee, makolo awauza ana kuti lero usapiteko. Kenako tizimva pa wailesi kuti anthu akumudzi ndi amakani. Tonse tikukumbuka za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo kuja, anthu osalakwa anaphedwa, ogwira ntchito zachitukuko ndi zaumoyo kuthawa mmidzi. Sindikuti ofufuza ndiwo anayambitsa zimenezo, koma mphekesera sivuta kuyamba pamene munthu watenga chinthu cha mthupi mwako nkupita nacho osabweranso kudzafotokoza.

Chomwe chimandiwawa nchakuti zomwe amapezazo ndi zinthu zoti kholo litazimva bwinobwino likhoza kusintha. Titenge likodzo lomwelo. Kuno mpaka lero alipo akuluakulu amene amati mnyamata akayamba kukodza magazi nde kuti wakula, palibe chodandaulitsa. Chonsecho ofufuza anadziwa kalekale kuti tinyongolotsi timeneti timachokera mu nkhono za mmadzi, timaboola khungu munthu akamasamba, kuchapa, kukoka makoka kapena kupalira mpunga kudambo, kenako timakakhala mumitsempha yozungulira chikhodzodzo nkumaikira mazira, ndipo mazirawo ndi amene amalasa chikhodzodzo magazi nkumatuluka kumapeto kwa mkodzo. Zaka zikamapita zipsera zija zimatha kufinya njira zotsitsira mkodzo kuchokera ku impso, mkodzo nkumabwerera mmwamba, impso nkutupa nkumafa pang'onopang'ono mwini wake osadziwa, kwa ena nde mapeto ake ndi khansa ya chikhodzodzo. Kwa atsikana mazira omwewo amakakhala munjira ya chiberekero, mtsikana kumamva kuwawa ndi kutaya magazi, kupita kuchipatala kukapatsidwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana pamene mwamuna sanamudziwe, tangoganizani manyazi ake kwa mwana wa sitandade 7. Ku Mangochi anafufuzanso asodzi nkupeza mazira omwewo mu umuna. Tsopano zonsezi zikangolembedwa mchingerezi mmagazini a ku London, msodzi wa pa Chia azimva kudzera kuti?

Ngakhale nkhani ya nsomba ija. Ku Cape Maclear ofufuza anaona kuti nsomba zomwe zimadya nkhono zitachepa chifukwa chokokolola mmbali mwa nyanja, nkhono zinachuluka ndipo likodzo nalo linakwera. Ife kuno masikito a kuchipatala omwe aja tikuwasoka pamodzi nkumakokera tiana tansomba mmphepete mwenimweni momwe ana amasambira. Munthu atamuuza kuti neti ukukokerayo ikutha nsomba yomwe ikanadya nkhono yomwe ikudwalitsa mwana wako, mwina akhoza kuganiza kawiri, kusiyana nkumangomuopseza kuti a fisheries akulanda.

Mankhwala ake alipo, praziquantel, ndipo amabwera msukulu. Amaimika mwana pa kamtengo koyezera msinkhu, mzere umene mutu wafika ndi umene ukunena kuti amwe angati. Koma ndi zimapilisi zikuluzikulu zowawa koopsa, ndipo amafuna mmimba muli kanthu. Ana athu ambiri amabwera kusukulu osalawa kalikonse, nde akamwa ena chizungulire ena kusanza pompo, mawa lake mudzi wonse wamva kuti mankhwala aja ndi oipa. Phala likanamayamba kaye kenako mapilisi bwenzi nkhani imeneyi itachepa, koma pena phala kulibe mankhwala afika, pena phala lilipo mankhwala kulibe. Nde pali tiana tosayamba sukulu tija, tomwe amayi amatikhazika mmadzi osaya akamachapa, timeneto timangosiyidwa poti mapilisi aja sitingameze. Pano kunapangidwa ena a ana ang'ono otchedwa arpraziquantel, timapilisi tosungunuka mmadzi tosawawa kwambiri, anawayesa ku Côte d'Ivoire ndi ku Kenya ndipo mu December 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linati ndi abwino kwa ana a miyezi 3 mpaka zaka 6. Ngati pali malo oyenera kuyambirapo mankhwala amenewa muno mMalawi nde ndi kunyanja kuno, musadzayambire ku Area 18 chonde.

Za mphere nde zimandidandaulitsa kwambiri poti aliyense amangozitenga mwanthabwala, ati matenda a osasamba. Mwana akukanda pakati pa zala, mmikono, mchiuno, cholembera wachiika pansi manja onse ali pantchito, usiku sanagone nde mkalasi kumangosinza. Ndi kachilombo kakang'onong'ono kamene kamakumba pakhungu nkuikiramo mazira, ndipo olo usambe katatu patsiku ukagona mphasa imodzi ndi bulangete limodzi ndi amene ali nazo utenga basi. Koma chomwe makolo ambiri sanauzidwe nchakuti mphere zimatha kukafika ku impso. Kukanda kuja kumatsegula zilonda, muzilondamo mumalowa tizilombo tina totchedwa streptococcus, mafinya nkuyamba, nde pakatha masabata angapo thupi polimbana ndi tizilomboto limavulaza tosefera ta mu impso zake zomwe. Mwana amadzuka mmawa nkhope itatupa makamaka mmaso, mapazi otupa, mkodzo wochepa wooneka ngati tiyi wopanda mkaka, BP kukwera mpaka ena kukomoka. Tsono kumudzi agogo akangoona kutupako nde aweruza kale, ndi tsempho limeneli, bambo ake anayenda njira zachilendo, banja kuyambana usiku wonse, mwana uja mmalo mothamangira naye kuchipatala apita naye kokatema mphini, zilonda zina pamwamba pa zilonda. Pamene ana ambiri otere amachira bwinobwino akafika msanga kwa achipatala. Ndani anakhalapo pansi ndi agogo amenewa kuwafotokozera kuti zilonda za pamwendo mwezi watha zija ndi kutupa kwa leroku ndi nkhani imodzi?

Apa ndiyamikeko madokotala a khungu ochokera ku Spain amene akhala akubwera ku Benga kuno ku Nkhotakota, iwowa anayendadi mmidzi ndi msukulu kuona anthu pakhungu ndi kuwerenga amene ali ndi mphere, ndipo amabwerabwera, anthu akuwadziwa. Zoterozo nzomwe tikufuna. Koma tipitirire pamenepo. Mmene tikuchitira panopa mwana mmodzi amapatsidwa kabotolo ka benzyl benzoate kuti akapake kuyambira mkhosi mpaka kumapazi, akapaka, kuyabwa kuchepa, koma abale ake onse amene amafunda nawo bulangete limodzi sanapake, sabata ziwiri zitatu wayambanso kukanda, mayi nkumati mankhwala a boma ndi osagwira. Ku Fiji anayesa njira ina, anapereka mapilisi a ivermectin kwa anthu onse a pachilumba nthawi imodzi, okanda ndi osakanda omwe, amayi oyembekezera ndi tiana tating'ono nkuwapatsa opaka, zotsatira zake zinatuluka mu 2015 kuti patatha chaka mphere zinatsika ndi 94 peresenti ndipo zilonda za mafinya nazo zinatsika kwambiri. Ivermectin si mlendo kuno, ndi yemwe uja tinkamwa pamodzi ndi albendazole nthawi ya kampeni ya matenda otupitsa miyendo mpaka a WHO analengeza mu 2020 kuti Malawi wathana nawo. Alangizi a zaumoyo amadziwa kale kagawidwe kake khomo ndi khomo. Nde chikuletsa nchani kusankha midzi ingapo ya kunyanja kuno nkuyesa njira imeneyi, kenako nkumayeza mikodzo ya ana kuti tione ngati impso nazo zikupulumuka? Ameneyo nde kafukufuku amene ine ndingayende naye khomo ndi khomo kunyengerera makolo popanda alawansi.

Pa impso pomwepa, pali kafukufuku wina amene anachitika ku Karonga pamodzi ndi ku Uganda ndi ku South Africa, zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Anapeza kuti masamu amene achipatala amawerengera mphamvu ya impso kuchokera mmagazi, poti anapangidwa poyeza anthu a ku America ndi ku Ulaya, kwa ife amaonetsa impso zili bwino kuposa mmene zililidi. Kutanthauza kuti alipo anthu amene amauzidwa kuti zonse zili bwino pitani kunyumba pamene impso zayamba kale kufooka, ndipo odwala impso muno ndi ambiri kuposa mmene timaganizira. Tsono impso zikafa kwa munthu wa kuno nkhani yake ndi yomvetsa chisoni. Makina osefa magazi aja uyenera kuwatsata kuzipatala zikuluzikulu ngati ku Kamuzu Central kapena ku Queens, kuchokera pa boma pano kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo si ulendo umodzi ayi, ndi kawiri kapena katatu sabata iliyonse, maola anayi uli chigonere pamakina, moyo wako wonse. Mlimi wa mpunga kapena msodzi transipoti yake ayitenga kuti? Nde amene ali ndi mbale mtauni amasamukira komweko, amene alibe amangobwerera kumudzi. Ife sitingapikisane pa makina, chathu nkugwira matenda asanafike kumeneko, ndipo kapepala koviika mumkodzo kaja kamene kamasintha mtundu pakakhala magazi kapena mapuloteni ndi kotchipa, mphindi ziwiri yankho latuluka, mlangizi wa zaumoyo aliyense akhoza kukagwiritsa ntchito pansi pa mtengo.

Palinso mapilisi a ululu awa. Asodzi, akabaza, odula nzimbe, amayi obwera kudimba, aliyense madzulo adutsa pa golosale kugula brufen, indocid kapena diclofenac, awiri atatu kamodzi kuti thupi lizizire, tsiku ndi tsiku, mmimba mulibe kanthu, madzi sanamwe okwanira. Amenewa akachuluka amawononga impso, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi BP kapena shuga, koma wogulitsa sadziwa wogula sadziwa. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador anyamata ambiri odula nzimbe akhala akufa ndi impso opanda shuga opanda BP, ofufuza kumeneko analoza kwambiri kugwira ntchito yolemetsa padzuwa thupi likutaya madzi, ndipo pamene anayesa kuika madzi akumwa pafupi, mthunzi ndi nthawi yopumira anaona kuti impso zovulala zinachepa. Sindikuloza chala aliyense, koma minda ya nzimbe ku Dwangwa ndi ku Salima ilipo, ya makampani ndi ya alimi wamba yomwe, ndipo dzuwa la October kuno aliyense amalidziwa. Ophunzira athu a udokotala akamasowa mitu ya kafukufuku, mutu ndi umenewu.

Mano nde tinangowasiya mmanja mwa Mulungu. Dzino likayamba kuwawa munthu amayamba waphwanyira asipulini pabowo, ena mchere, ena mpaka mafuta a buleki ndithu, tsaya likatupa nde kupita kuchipatala, kumeneko nkhani ndi imodzi, kuzula. Sikuti ogwira ntchito kumeneko ndi aulesi, munthu wafika dzino litatha kale komanso zipangizo zomatira sizipezekapezeka, nde atani. Mpaka 2019 dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano, dziko lonse analipo osakwana 50 ndipo ambiri ali mtauni mzipatala zolipira. Chaka chimenecho College of Medicine, yomwe pano ili mu yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, inayamba kuphunzitsa mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, oyamba aja anamaliza kale, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya umoyo wa mkamwa. Bola tsopano. Koma ndikupempha kuti ana athu amenewa akamamaliza asathere ku Blantyre ndi ku Lilongwe okhaokha, boma la anthu pafupifupi 400,000 ngati lathuli likuyeneranso kuona dokotala wa mano ndi maso. Pa geti pasukulu pali maswiti, mafilizesi, zibaluni zotsekemera, mwana wapatsidwa K200 yonse ithera pamenepo, mswachi kunyumba ndi umodzi kapena kulibe, Colgate nde ndi wa bambo okha.

Koma pali mano ena amene vuto lake si shuga. Muona mwana mano ake ali ndi madontho oyera ngati choko kenako abulauni, akamaseka amatseka pakamwa ndi dzanja chifukwa anzake amamunena kuti satsuka, mayi ake amukwecha ndi makala ndi mchenga koma osachoka. Ameneyo ndi fluoride wochuluka mmadzi akumwa, amachokera mmiyala pansi pomwe mjigo wakumbidwa. Pang'ono amalimbitsa mano, koma a WHO amati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita, akapitirira amathimbiriza mano amene akukula mwana asanakwane zaka 8 ndipo zikatero nzamuyaya, akachulukitsa nde amafika mpaka mmafupa. Kuwiritsa madzi sikumuchotsa, kuthira kulorini sikumuchotsa. Ofufuza a ku University of Strathclyde anayeza madzi mmalo ambiri mdziko muno nkupeza kuti akasupe a madzi otentha ndi amene amakhala naye wambiri, ndipo akasupe otere ife kuno tili nawo, a ku Mawira aja. Tsopano ngati munthu wabwera kudzatunga madzi a pa mjigo wathu mu botolo kupita nawo ku labu, chovuta nchani kubweranso ndi kachitini ka penti nkulemba pa simenti pompo kuti madzi awa ana ang'ono amwe kapena asamwe? Komiti ya mjigo ilipo mudzi uliwonse, amayi amene amatolera ndalama ya ma sipeya aja, auzeni amenewo. Pena mjigo wina wabwino uli chapafupi pomwepo koma anthu sadziwa kusiyana kwake.

Anzathu a ku Karonga anachita mwayi. A LEPRA, bungwe lolimbana ndi khate, anafika ku Chilumba mu 1979 ndipo ntchito yomwe anayamba sinathere panjira, anayenda khomo ndi khomo boma lonse, kuyambira 1986 anayesa katemera pa anthu oposa 120,000 ndipo mu 1996 zinadziwika kuti kubaya kachiwiri BCG, katemera wa TB uja, kumachepetsa khate ndi theka. Mpaka lero ntchito ikupitirira pansi pa dzina la MEIRU, ana a kumeneko ena analembedwa ntchito konko, ena anaphunzira mpaka kukhala ofufuza okha. Munthu amene wakhala nawe zaka zoposa 40, maliro mukulira limodzi, akapempha magazi sumufunsa kawiri. Ndipo poti ndatchula khate ndinene kuti 1994 ija pamene tinauzidwa kuti lagonja sikuti linatheratu, likupezekabe, banga lotuwa pakhungu losayabwa lomwe ukalikhudza sumva kanthu si chikanga wamba, mankhwala ake ndi aulere miyezi 6 kapena 12, koma achinyamata a lero ngakhale ena ovala zoyera sanalionepo nde amangopereka mafuta opaka mpaka zala zitayamba kupindika.

Nde pempho langa likupita kwa a NHSRC ndi a COMREC, poti ndi iwo amene amavomereza kafukufuku asanayambe. Mmene mumaumirira kuti pakhale chikalata choti kholo lisaine kapena kudinda chala, umiriraninso kuti pa bajeti pakhale mafuta a galimoto obwererera kumudzi ndi mayankho, ndipo amene sanabwerere asapatsidwenso chilolezo china. Zikalata zosainazo nazonso abale, masamba anayi a Chichewa chomasulira mawu ndi mawu choti olo ine mphunzitsi ndiyenera kuwerenga kawiri, mayi wosapita kusukulu amangodinda poti a mfumu anena. Kumeneko si kuvomera. Muuzeni pakamwa kuti titenga chakuti, tipita nacho kwakuti, chotsala tidzataya kapena tidzasunga, ukakana palibe amene akuletse kuchipatala, ndipo mwana wamkulu afunsidwenso yekha. Zomwe mwapeza pa mwana aliyense lembani mu buku lake la kuchipatala lija kuti akadzadwala patsogolo adokotala adzaone. Zomwe mwapeza pa mudzi wonse itanitsani msonkhano pabwalo la a gulupu, kapena pitani pa wailesi yathu ya Nkhotakota Community Radio anthu aziimba foni kufunsa, olo yankho litakhala lakuti sitinapeze kanthu, limenelonso ndi yankho.

Nafenso eni akefe tili ndi mbali yathu. Mafumu ena ofufuza akangofika funso loyamba ndi lakuti mwatitengera chani, akalandira ya sopo basi nkhani yatha, za mayankho safunsa. Ife aphunzitsi chimodzimodzi, tikamva kuti pali ka alawansi ka tsiku limodzi timalimbirana kuti pamndandanda pakhale ndani. Makomiti a sukulu ndi a zaumoyo mmidzi aphunzire kufunsa alendo asanatsitse katundu mgalimoto kuti kalata ya chilolezo ili kuti, mudzabwera liti kudzatiuza, nanga mwana akapezeka ndi vuto lalikulu amutengera ndani kuchipatala chachikulu. Ofufuza enieni mafunso otere sawakwiyitsa.

Inunso akonzi muli ndi ngongole. A KUHeS amachititsa msonkhano wofotokoza zomwe ofufuza apeza, koma zimathera mu holo ndi mchingerezi, ife timangoona zithunzi pa Facebook anthu atavala mabaji. Tumizaniko mtolankhani wa tsamba la Chichewa lino azikakhala nawo, abwere atilembere mmawu oti tikhoza kuwerengera makolo pa msonkhano wa PTA. Ndipo akapita ku unduna wa zaumoyo akatifunsireko kuti timapilisi ta likodzo ta ana osayamba sukulu tija tifika liti ku Salima ndi ku Nkhotakota.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa pulayimale,
Nkhotakota